Ku Graaff-Reinet m'Mwezi wa Chisanu: Kukaona Kwawo kwa a Murray

Ndi Akhristu ochepa a ku Angonia amene sanamvepo dzina la Murray. Limatchulidwa nthawi zonse tikamakumbutsana za chiyambi cha mpingo pa Mphatso, ndipo lili m'mbiri ya Buku Lopatulika limene timanyamula popita ku tchalitchi. Koma mukafunsa kuti anthu amenewa kwawo kunali kuti, ambiri amangoti "ku Joni," popeza kwathu dziko lonse la South Africa timalitchula ndi dzina limodzi lomwelo. Kwawo kwenikweni ndi tauni ya Graaff-Reinet, m'chigawo cha Eastern Cape, pakati pa dera louma lotchedwa Karoo. Kuchokera ku Johannesburg ndi mtunda wa makilomita oposa 800. M'mwezi wa Julayi 2023, ife amene timapemphera pamodzi mu mzinda umenewu tinachita hayala basi kuti tikadzionere tokha.

Ndife ana a ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano ndi ku Furancungo, pamodzi ndi abale angapo a ku Dedza ndi ku Ntcheu, pakuti kuno kutali malire aja sitiwawerengera. Ambiri mwa ife timagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'minda ya maluwa, ena ndi amisiri omanga, ena ndi alonda. Wina angadabwe kuti tinasankhiranji nyengo yozizira chotere. Mu Disembala aliyense amalunjika kumudzi ndi katundu wake, pa Pasaka basi zimakwera mtengo, koma mu Julayi udzu sumera, ntchito za m'minda zimachepa, ndipo ana amakhala pa tchuthi.

Amene analembetsa mayina anali 58, koma amene anakwera basi anali 44. Otsalawo sanatsale chifukwa cha ndalama zokha ayi. Mlendo m'dziko muno amayenda pasipoti ili pamtima. Munthu wa ku Mozambique amaloledwa kulowa popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo amene masiku ake atha, kapena amene pepala lake la ntchito silinatuluke, amaopa msewu wautali ndi zipata za apolisi. Enanso sanaiwale Meyi wa 2008, pamene anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ena mwa iwo a dziko lathu. Kuyambira nthawi imeneyo alipo abale amene amadziwa njira ziwiri zokha, ya kuntchito ndi ya kutchalitchi. Tanena izi kuti a kumudzi adziwe kuti kwa ife kupita kukaona malo si nkhani yopepuka.

Tinanyamuka Lachisanu nthawi ya 8 koloko usiku, titapemphera. Sabata lomwelo, Lolemba pa 10 Julayi, chipale chofewa chinali chitagwa mu Johannesburg kwa nthawi yoyamba kuchokera mu 2012, koma sichinachedwe kusungunuka, ndipo ambiri a ife tinangochionera pa zenera la kuntchito. Chisanu timachidziwa ndithu. Amene anakulira ku Tsangano amakumbukira m'mawa wa mu Juni, mame atauma pa udzu, masamba a kachewere atawauka ngati apsa ndi moto. Koma cha usiku umenewo chinali china. Chotenthetsera cha m'basi chinkafika mipando ya kutsogolo yokha, ndipo a kumbuyo anadzikulunga m'mabulangete, amayi atamanga zitenje ziwiriziwiri pamwamba pa majuzi. Mpweya wathu unachita thukuta pa mazenera, kenaka thukutalo linauma n'kukhala ngati galasi lachiwiri. Amayi a Chigwirizano anayendetsa mafulasiki a tiyi, mandasi ndi kachewere wophika, ndipo nyimbo sizinaleke mpaka pakati pa usiku.

Ku Bloemfontein tinaima cha m'ma 1 koloko kuti basi ithire mafuta. Ochepa okha ndi amene analimba mtima kutsika. Mkulu wa mpingo amene anatsogolera ulendowu anatiuza kuti mu 1849 Andrew Murray wamng'ono, ali ndi zaka 21 zokha, anadzakhala mbusa woyamba wa mpingo wake pamalo amenewa, ndipo ankayendera nkhosa zake zobalalika pa ngolo ndi pa kavalo, m'chisanu chomwecho. Mtsinje wa Orange tinawoloka mumdima osauona. Pa Colesberg tinasiya msewu waukulu wa N1 n'kulowa wa N9, kudzera ku Noupoort ndi ku Middelburg.

Kunja kukuyamba kuyera, basi inali ikukwera pang'onopang'ono phiri la Lootsberg, pamene msewu umafika pafupifupi mamita 1,800 pamwamba pa nyanja. Mapiri a kumeneko amatchedwa Sneeuberg, ndiko kunena kuti mapiri a chipale chofewa. Nsonga yake yaitali koposa, Compassberg, imapitirira mamita 2,500, ndipo phiri lathu la Domwe silifika pamenepo. Zaka zina msewu umenewu umatsekedwa chipale chikagwa chambiri. Ife tinaupeza wotsegula, koma nsonga za mapiri zinali mbuu, ndipo m'mbali mwa msewu, m'malo amene dzuwa silifika, chinali chikadalipo ngati ufa woyera umene wina wataya. Dalaivala anatikomera mtima n'kuima. Ana anathamanga kukachigwira, ndipo posakhalitsa anabwerera akulira kuti chikuwotcha zala.

Agogo ena a ku Domwe, amene anabwera ku Joni kudzalera zidzukulu, anachitapa m'dzanja n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa mkulu wa mpingo uja kuti, "Bambo, kodi matalala aja timawerenga mu Yesaya ndi amenewa?"

"Ndi omwewo, agogo."

"Nanga bwanji sapweteka?"

Funso limeneli ndi la nzeru kuposa mmene limamvekera. Amene anamasulira Buku Lopatulika, motsogozedwa ndi William Hoppe Murray ndi kuthandizidwa ndi aphunzitsi a kwathu konkuno, anakumana ndi chinthu chimene chinalibe dzina m'chinenero chathu. Murray ankachidziwa bwino chipale chofewa, chifukwa mapiri a kwawo amavala chimenechi chaka ndi chaka, koma owerenga ake anali asanachionepo. Tsono pa Yesaya 1:18 ndi mu Salimo 51 anaikapo mawu oti matalala. Sanalakwe, popeza matalala ndiwo chinthu choyera chogwa kumwamba chimene makolo athu ankachidziwa. Koma matalala amagwa ndi phokoso, amang'amba fodya ndi chimanga, ndipo mlimi akawamva pa denga mtima umamuwawa. Chipale chofewa chimagwa mwakachetechete n'kuphimba zonse, miyala, minga ndi zinyalala zomwe. Tinaima pamenepo mano akugundana, ndipo vesi limene taliloweza kuyambira m'kalasi ya ubatizo linamveka mwatsopano. Vesi lomwelo limatchulanso ubweya wa nkhosa, ndipo potsika phirilo tinaona nkhosa za mtundu wa merino zambirimbiri, zimene pamodzi ndi mbuzi za angora ndizo chuma cha dera limeneli. Kunja kwake zinali zotuwa ndi fumbi. Kuyera kwa ubweya kumaoneka ukametedwa ndi kutsukidwa.

Graaff-Reinet inakhazikitsidwa mu 1786, ndipo imawerengedwa kuti ndi yachinayi mwa matauni akale koposa amene Azungu anamanga m'dziko muno. Dzinali linachokera kwa bwanamkubwa wa nthawiyo, Cornelis Jacob van de Graaff, ndi kwa mkazi wake, wa banja la Reinet. Mtsinje wa Sundays umaizungulira ngati chibangiri chosatseka. Nyumba zake zakale zoposa 200 zimatetezedwa ndi lamulo, zambiri zopakidwa njereza, za mazenera obiriwira. Kumayambiriro kwa msewu waukulu kuli tchalitchi ya miyala yotuwa, yomangidwa mu 1886 ndi 1887 motsanzira tchalitchi yaikulu ya ku Salisbury ku England. Ndi yokongola zedi, ndipo tinajambulitsa pamenepo mpaka mafoni ena anazima ndi kuzizira. Koma Murray woyamba sanalalikirepo m'menemo, chifukwa anamwalira zaka 20 isanamangidwe.

Nyumba imene tinadzera ili kumapeto kwa Parsonage Street. Masiku ano imatchedwa Reinet House ndipo ndi yosungiramo zinthu zakale, koma inamangidwa cha m'ma 1812 kuti ikhale nyumba ya abusa. Andrew Murray wamkulu anachoka ku Scotland mu 1822 n'kudzakhala m'nyumba imeneyi mpaka imfa yake mu 1866, ndipo mwana wake Charles analowa m'malo mwake mpaka 1904. Ndiko kuti banja limodzi linakhala m'menemo zaka 82. Mwana wina, Andrew wamng'ono uja wa ku Bloemfontein, anabadwa m'tauni muno pa 9 Meyi 1828, ndipo anadzalemba mabuku oposa 200 ophunzitsa za pemphero ndi moyo wa Chikhristu. Bambo wawo anali ndi chizolowezi chodzitsekera m'chipinda Lachisanu lililonse madzulo kupempherera chitsitsimutso, ndipo amishonale odutsa, monga Robert Moffat ndi David Livingstone, ankalandiridwa pakhomo pomwepa. Livingstone ndi yemwe uja anafika ku Tete mu 1856.

Ulusi wofika kwathu unayambira pamenepa. Mu 1886 abusa ena a mpingo wa Dutch Reformed, Andrew wamng'ono ali patsogolo, anapangana zosonkha ndalama za m'matumba mwawo kuti atumize mmishonale kutali. Amene anapita mu 1888 anali Andrew Charles Murray, mwana wa Charles, amene anakulira m'zipinda zimene tinkayendamozo. Mu Novembala 1889 iye ndi T.C.B. Vlok anamanga hema pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Nkhoma inatsegulidwa mu 1896, ndipo mu 1909 A.G. Murray, wa banja lomweli, anayamba ntchito pa Mphatso ku Angonia. Kuseri kwa nyumbayi kuli mpesa umene Charles anadzala mu 1870, Andrew Charles akadali kamnyamata. Tsinde lake ndi lalikulu ngati la mtengo wa m'nkhalango. Mu Julayi unalibe tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo mwana wina anafunsa chifukwa chimene akusungira nkhuni. Amene amadziwa mipesa anamuuza kuti uli m'tulo, udzaphuka mu Seputembala.

Pansi pa mpesa womwewo m'pamene mkulu wa mpingo ananena chinthu chimene ena akanakonda kuti asachitchule. Mu 1857 sinodi ya mpingo umenewu inakambirana za Akhristu achizungu amene ankakana kukhala pa gome limodzi la Mgonero ndi Akhristu akhungu lina. Sinodi inavomereza kuti Malemba amafuna kuti onse akhale mu mpingo umodzi, koma inaloleza kuti, chifukwa cha kufooka kwa ena, otembenuka mtima achikuda azisonkhana m'nyumba yawoyawo. Amene anapereka ganizo limeneli anali Andrew Murray wamkulu, mwini nyumba imene tinaimamoyo. Chimene chinaloledwa monga chongopirira kwa kanthawi chinasanduka mwambo, mwambo n'kusanduka lamulo. Mu 1881 kunakhazikitsidwa mpingo wapadera wa anthu osakhala Azungu, ndipo m'zaka za tsankho la apartheid mpingo wa Dutch Reformed unateteza tsankholo ndi mavesi a m'Baibulo.

Mnyamata wina wa ku Furancungo, womanga nyumba, sanathe kudzigwira. "Pepani bambo, ndiye tayenda usiku wonse m'chisanu kudzalemekeza munthu amene anatichotsa pa gome la Ambuye?"

"Achimwene, tabwera kudzaona," anatero mkuluyo. "Mukanakonda ndikuonetseni chipinda chopemphereramo chokha?"

Nkhaniyi sinathere pamenepo. Inapitirira pa chakudya cha masana, ndipo mpaka lero sitinagwirizane tonse. Ena amati munthuyo ankafuna kuti mpingo usagawikane, ndipo sakanadziwa zimene zidzukulu za ena zidzachite ndi mawu ake. Ena amati kufooka kumene sinodi inakuchitira chifundo kunali kunyada, ndipo kunafunika kudzudzulidwa. Ife amene tikulemba tikuona kuti achiwiriwa akunena zoona: amene anayenera kupirira anali onyozawo, koma amene anatulutsidwa panja anali onyozedwa. Komabe sitingafafanize Mvera, Nkhoma ndi Mphatso, kapena manda a amishonale ndi a ana awo amene anafa ndi malungo m'mayiko athu. Zonse ziwiri zinatuluka pa khomo limodzi. Mbiri imanenanso kuti mu 1982 bungwe la mipingo ya Reformed ya dziko lonse, litakumana ku Ottawa, linagamula kuti kuteteza apartheid ndi chiphunzitso chonyenga, ndipo mu 1990 pa msonkhano wa ku Rustenburg, Pulofesa Willie Jonker anavomereza poyera tchimo lake ndi la mpingo wake. Akibishopu Desmond Tutu anaimirira n'kulandira chivomerezocho. Kuchokera mu 1857 panali patapita zaka 133.

Masana basi inatikweza phiri la kumadzulo kwa tauni, m'nkhalango yotetezedwa ya Camdeboo, kukaona chigwa chotchedwa Valley of Desolation. M'njira tinaona nthiwatiwa ndi agwape a mtundu wa springbok. Pamwamba pali mizati ya miyala yoima yokha, ina yotalika mpaka mamita 120, imene inatsala pamene mvula ndi mphepo zinakokolola miyala yofewa yoizungulira. Kuseri kwake dziko la Karoo langoti see mpaka kumene maso alekezera, lopanda mudzi, lopanda utsi. Kwa ife ozolowera Angonia, kumene phiri lililonse lili ndi munda ndipo munda uliwonse uli ndi mwini wake, chete ameneyo anali woopsa. Mphepo inali yolasa ngati singano, ndipo palibe amene anakhalitsa.

Pobwerera tinaima pamalo oonera tauni yonse kuchokera pamwamba. Pamenepo mbiri imene tinakangana m'mawa inaoneka ndi maso. M'kati mwa chibangiri cha mtsinje muli tchalitchi, mitengo ndi nyumba zoyera, ndipo kumbali, pa chitunda, kuli uMasizakhe, kumene anthu akuda anaikidwa. M'tauni imeneyi munabadwira Robert Sobukwe mu 1924, mlaliki wa mpingo wa Methodist ndi mtsogoleri wa chipani cha PAC. Ndiye anaitana anthu kuti pa 21 Malichi 1960 asiye ziphaso zawo kunyumba n'kukadzipereka kwa apolisi, tsiku limene anthu 69 anawomberedwa ku Sharpeville. Anamusunga payekha pa chilumba cha Robben kuyambira 1963 mpaka 1969, anamwalira mu 1978, ndipo anaikidwa kwawo konkuno. Mu 2024 munali mkangano waukulu wofuna kuti tauniyi itchedwe dzina lake. Ife amene timagona pasipoti ili pansi pa pilo sitinafune wina wotimasulira tanthauzo la chiphaso.

Usiku magetsi anazima, monga zinkachitikira kawirikawiri m'chaka chimenecho, ndipo zotenthetsera za kumalo ogona zinazima nawo. Tinagona titavala zipewa. M'mawa wa Lamulungu madzi a m'mbale ya agalu panja anali atauma gwa. Tinachita mapemphero athu m'chipinda chodyera, m'Chichewa, tisananyamuke.

Mlaliki wa tsikulo sanalankhule za a Murray. Anatikumbutsa chaka cha 1922. M'chaka chimenecho boma la Apwitikizi linatseka ntchito ya mishoni ku Angonia, ndipo amishonale anachoka pa Mphatso. Chaka chomwecho ndi chimene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu a kwathu anakhala opanda mbusa wawo. Ankasonkhana m'nyumba ndi pansi pa mitengo, akulu a mpingo akuwerenga Mawu ndi kuphunzitsa kalasi, ndipo pofuna ubatizo kapena Mgonero ankawoloka malire wapansi kupita ku mipingo ya ku Nyasaland. Pambuyo pake inadza nkhondo, imene inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mpingo unapita nawo ku misasa ya othawa kwawo n'kubwerera nawonso. Amishonale anakhala pa Mphatso zaka 13 zokha. Zaka zina zonsezo moto unasungidwa ndi anthu amene ambiri a iwo analibe nsapato.

"Dzulo taona mipando ya a Murray, mbale zawo ndi mpesa wawo," anatero mlalikiyo. "Zonse zalembedwa mayina ndi zaka. Tsono ndani pano angatchule mayina 5 a akulu amene anasunga mpingo ku Angonia m'zaka zimenezo?"

Tinayang'anana. Agogo a ku Domwe aja anatchula awiri, mmodzi anali malume awo. Bambo wina wa ku Tsangano anakumbukira dzina la mayi amene ankabisa Buku mu mtsuko. Onse pamodzi, anthu 44, sitinafike pa mayina 10.

Ulendo wobwerera unali wa masana, ndipo tinaona zimene mdima unatibisira: makina opopa madzi oyenda ndi mphepo, mipanda ya waya yosatha, ndi mtsinje wa Orange. Chipale cha pa Lootsberg chinali chitachepa. Apolisi anatiimitsa kamodzi, anayang'ana mapepala a dalaivala ndi mapasipoti angapo, n'kutilola kupita. M'basi munayenda kope la sukulu la mwana wina, ndipo aliyense amene anakumbukira dzina, mudzi kapena nkhani analemba. Tinafika ku Johannesburg usiku, ndipo Lolemba m'mamawa aliyense anali pa ntchito.

Kope lija likadalipo, ndipo tsopano lili ndi mayina 31, ena otumizidwa pa foni ndi achibale a kumudzi. Ambiri ndi a ku Domwe ndi ku Ulongwe. A ku Tsangano ndi ku Macanga ndi ochepa kwambiri. Tikupempha abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata a mipingo yonse kuti mukhale pansi ndi agogo amene atsala, amene anabatizidwa kutsidya kwa malire kapena amene anamva kwa makolo awo. Lembani dzina la munthu, mfunda wake, mudzi wake, kumene ankasonkhanitsira anthu, ndi mpingo umene ankapitako kukadya Mgonero. Zimene mwalemba perekani kwa alembi a mipingo yanu. Abale athu amene adzabwere kumudzi mu Disembala adzafika ndi makope ndi zolembera zimene tasonkha kuno, ndipo adzakopera zonse zimene zidzakhale zitapezeka.